Mbava Yosankha Zazikazi

Chilowereni ntchito yaupolisi, Sajeni Latyr Thior anali atathamangitsapo mbava za ng'ombe, za injini za mabwato, ngakhalenso mkulu wina amene anazula chokuzira mawu pamzikiti n'kukachibwereketsa kuukwati. Koma kuitanidwa Lachisanu masana, dzuwa likuswa mtengo, chifukwa cha tinsomba tosakwana chikhatho, imeneyo ndiye inali yachilendo. Ndipo kunena zoona, inamusangalatsa. Tawuni ya Foundiougne inali itangoti zii kwa nthawi yaitali, moti Latyr anali atayamba kunenepa.

Anaimika njinga yamoto pachipata cha nthambi ya yunivesite, kumene ophunzira amafufuzirako za zamoyo za m'nyanja, n'kulowa chothamanga. Sanavutike kufunsa njira. Mawu a mkulu wa pamalopo, Pulofesa Khoudia Mbengue, ankamveka mpaka kumsewu.

"Kiyi anali ndi ndani? Ndiyankhe, Gnilane! Kiyi anali ndi ndani?"

"Ndi ine, mayi."

Woyankhayo anali mtsikana wamtali, wowonda, ataimirira pafupi ndi thanki yaikulu, maso ali psuu. Ameneyu ndiye Gnilane Diome, mwini nsomba zobedwazo. Makolo a nsombazi, nsomba zonga chambo zotchedwa waasi, zakuda kuchibwano, anakawagwira yekha kumtunda kwa mtsinje wa Saloum, chakufupi ndi Kaolack, kumene madzi anawawa mchere kuposa a m'nyanja momwe, mwakuti nsomba zina zonse zinathawako. Anaziweta m'chipindamo zaka zonse za maphunziro ake, mbadwo ndi mbadwo, pofuna kudziwa ngati ana ake amabadwa nako kupirira mchereko. Digiri yake yonse inali kusambira m'thankimo, ndipo tsopano theka linali litasowa.

"A Sajeni, mwachita bwino kubwera," anatero Pulofesa, mpango wakumutu utapendekeka ndi mkwiyo. "Mwana uyu ndamulera ndine pasukulu pano. Lero ndikumva kuti wakhala akunong'onezana ndi alimi a nsomba amene tikuwaphunzitsa sabata ino. Wagulitsa mbewu yathu."

"Mwamva kwa yani, mayi?"

"Kwa munthu wamkulu, wopemphera. Sanganame. Ndipo ndanena kale: dzuwa likalowa nsomba zisanapezeke, alongedze katundu wake. Za digiri aiwale."

Gnilane sanalire. Anafotokoza mofulumira: magetsi anathima anthu akupita kumzikiti, makina opopera mpweya m'madzi anaima, iye anatsegula chitseko ndi mazenera kuti madzi asatenthe, n'kuthamangira kumsika kukasaka wokonza jenereta. Pobwera anapeza zitachitika kale.

Latyr ananjuta pansi. Kaukonde ka m'manja kanali katatayidwa pakona, kakadali konyowa. Kuchokera pathanki mpaka pakhomo panali timadontho toyera mbuu, mchere wotsala madzi atauma. Anatitsatira mpaka panja, koma pamchenga tinangosowa. Wokonza jenereta atafunsidwa anavomera kuti mtsikanayo anamupezadi kumsika, koma za nthawi anangoloza kumwamba n'kunena kuti dzuwa linali pamutu. Umboni wotere sungapulumutse ngakhale nkhuku.

"Lero kwaphikidwa chiyani?" Latyr anafunsa mwadzidzidzi.

"Mpunga wa nsomba," anayankha wokonza jenereta uja, akunyambita milomo.

* * *

Mayi Codou, ophika pasukulupo, anali kukwecha mphika kuseri kwa khitchini. Funso la Latyr lisanathe n'komwe, iwo anali ataimirira kale, manja m'chiuno.

"Ati chiyani? Ine? Ine Codou, kuphika tinsomba ta mchere tija? Latyr, ndinakuona uli wosavala, lero wabwera ndi chipewa chako kudzanditukwana pakhomo panga? Taona mutu uwu!" Anatukula mutu wa nsomba waukulu ngati wa mwana wa mbuzi. "Izi ndiye nsomba zimene ndimaphikira alendo ine. Tija ngakhale mphaka wanga angatinunkhize n'kupita."

"Pepani, mayi, ndi ntchito."

"Ntchito yako ikuphunzitse ulemu."

Latyr anaseka, n'kukhala pamtondo wovundikira. Ankadziwa kuti mkwiyo wa Mayi Codou suchedwa kutha, ndipo ukatha pamatsala nkhani. Anawafunsa ngati alendo onse anadya.

"Kudya anadya, mabeseni anabwera oyera. Alimi amenewa adya ngati dzombe sabata ino. Koma kudya kwina n'konyoza wophika. Munthu kubwera mochedwa, anzake atafika kale pakati pa beseni, ine nditamusungira mbali yake bwinobwino, ndi nsomba yonona, ndi tsabola, ndi ndimu. Iye kungotapa kamodzi, n'kukwinya nkhope ngati waluma mwala. Kenako ati, Codou, ndipatse supuni."

"Supuni si mlandu, mayi."

"Kwa ena si mlandu. Koma uyu? Sabata yonse wakhala akuseka ana asukulu kuti odya ndi supuni ndi azungu akuda, ati mpunga umakoma ndi dzanja limene Mulungu anakupatsa. Lero dzanja lomwelo lapita kuti?"

Latyr anasendera pafupi. "Ndani ameneyo?"

"Ine sindine wamiseche," anatero Mayi Codou, n'kubwerera kumphika wawo. Anakwecha kawiri, n'kuwonjeza osacheuka: "Wa mkanjo woyera wa ulusi wagolide uja. Alhaji Wane."

Latyr asanayankhe, kunamveka mfuu kuchokera kuchipinda cha mathanki.

"A Sajeni! A Sajeni, bwerani msanga!"

* * *

Anapeza Gnilane atapinda malaya mpaka m'zigongono, dzanja lili m'madzi, nkhope itasinthiratu. Sanalinso woimbidwa mlandu uja. Maso ake anali kuwala ngati a mwana amene watola ndalama panjira.

"Taonani! Yang'anani tsaya la iyi. Lagolide, eti? Nanga iyi? Iyonso. Iyi? Zonse! Zotsala zonsezi n'zamphongo. Wakuba watenga zazikazi zokhazokha, osaphonya ngakhale imodzi."

"Mwina zangochitika."

"Sizingangochitike, bwana. Munthu waumbuli amangovuula zimene zalowa mu ukonde. Uyu ankagwira imodziimodzi, kuitembenuza, kuiyang'ana kumimba, yamphongo n'kuibweza. Ndi munthu wodziwa nsomba."

Latyr anamuyang'anitsitsa. "Chemwali, ukudziwa kuti ukudzimanga wekha? Wodziwa nsomba kuposa onse pano ndiwe."

"N'chifukwa chake si ine!" Gnilane anaseka, kuseka kwake koyamba tsikulo. Anatenga nsomba imodzi imene inabisala m'kamphika pansi pa thanki, n'kuitsegula kukamwa pang'ono ndi chala. M'kati munali tinthu tachikasu tothithikana ngati mapira. "Mazira awa. Waasi wa kumchere, wosunga mazira m'kamwa ndi bambo. Mayi akaikira, zake zatha. Ine ndikanafuna kugulitsa mbewu, ndikanatenga awa, ana ali kale m'kamwa. Wophunzira aliyense pano akudziwa zimenezo."

"Nanga amene sakudziwa ndani?"

"Woweta waasi wa kumtsinje. Kwa iwo wosunga mazira ndi mayi. Mlimi wa kumtsinje amasamala yaikazi, yamphongo amati ndili nazo zambiri kwathu." Anabweza nsomba ija m'madzi. "Phunziro la kaswanidwe ka nsombazi linali la masana ano. Alendo athu sanalimvebe."

Latyr anawomba m'manja kamodzi. Zinthu zinali kulumikizana, ndipo iye ankamva kukoma kumene mlenje amamva akaona phazi la nyama likadali lalifupi. Anafunsa ngati kugwira nsomba zotere ndi manja kumasiya chizindikiro.

Gnilane anamuonetsa zikhatho zake, zodzaza timabala takale. "Minga ya pamsana imabaya. Ndipo m'madzi awa, bala lililonse limayaka moto. Ukakhudzanso tsabola kapena ndimu, umavina."

"Supuni," anatero Latyr chamumtima.

"Koma bwana, fulumirani." Chimwemwe chija chinazilala pankhope ya mtsikanayo. "Nsomba zija zinabadwira mu mchere woopsa. Ngati wazithira m'madzi a pampopi, sizifika madzulo. Ndipo zazikazi zikatha, ana awa adzakhala omaliza kuwayesa, ntchito yanga yathera panjira."

Panja panamveka chitseko cha galimoto chikutsekedwa.

* * *

Alimi a nsomba aja anali atakhala pamkeka pansi pa mtengo wa nimu, akudikira tiyi. Dalaivala wa pasukulu ndiye anali kuphika, akutsanula kuchokera m'mwamba kuti achite thovu. Chapatali pang'ono panaima galimoto yaikulu yotuwa, itatembenuzidwa kale kuloza kuchipata. Mwini wake, Alhaji Birane Wane, mkulu wa alimi a kuchigwa cha mtsinje wa Senegal, anali kutsanzika. Ankati kwawo kwabadwa mdzukulu, ayenera kukapezeka pomutcha dzina.

Chimene chinawachedwetsa ndi tambula yachitatu. Munthu wolemekezeka sachoka tiyi womaliza akadali pamakala, ndipo Alhaji, ngakhale miyendo inali kuyabwa, anali munthu wolemekezeka.

Latyr analibe chilolezo chofufuzira galimoto ya munthu, ndipo kuti akachitenge, Alhaji akanakhala atawoloka mlatho wotulukira m'tawuni kalekale. Koma anali ndi china. Iye anali Mserere, Alhaji Mtukuloro, ndipo mitundu iwiriyi ndi pachisuweni chiyambire makolo: amatukwanana, amalandana zinthu, wokwiya ndiye wachita manyazi.

"Aa, taonani kapolo wanga!" anafuula Latyr akuyandikira, manja atatambasula. "Wabwera m'dziko la mbuye wako, wadya mpunga wanga sabata yonse, lero ukuthawa osadzandigwadira?"

Anthu anaseka. Alhaji nawo anaseka, ngakhale kuseka kwawo kunathera m'mano.

"Mserere atavala yunifolomu! Dziko latha basi. Anakupatsa ndani chipewa, iwe wodya mapira? Bwera udzandinyamulire nsapato."

"Nsapato ndinyamula, koma kumzikiti sindinazione pakhomo. Unapemphera kuti lero?"

"Mzere wakumbuyo, mwana iwe. Ndinachedwa pang'ono."

"Zodabwitsa. Mzere wakumbuyo ndi wanga, pafupi ndi khomo, pothawira. Tinalipo ine, osoka zovala awiri ndi nkhalamba yogona ija."

"Ndiye kuti wogonayo unali iwe," anayankha Alhaji. Anthu anasekanso, wina mpaka kumenya mkeka.

Latyr anawapatsa dzanja. Kukana moni pagulu sikutheka, choncho Alhaji anatulutsa dzanja lamanja m'mkono wa mkanjo. Latyr analigwira ndi manja awiri monga mwaulemu, n'kulifinya.

"Ayii!"

"Pepa, msuweni. Wabayidwa ndi chiyani?" Analitembenuza. Chikhatho chonse chinali timabala tofiira, totupa. "Kapena mikanda yopempherera yamera minga?"

Kuseka kunachepa. Alhaji anabweza dzanja lawo, thukuta lili kamukamu pamphumi, n'kunena kuti anagwira waya wa mpanda. Dalaivala uja anawapatsa tambula yachitatu, iwo anaimwa kamodzi ngati mankhwala, osasamala kutentha, n'kudzuka. Makiyi anali kale m'manja.

Latyr anawatsomphola ngati kabawi.

"Mtukuloro sachoka kwa Mserere osasiya msonkho. Tione wandisungira chiyani m'galimotomu. Chimene ndichikonde ndi changa!"

"Latyr, usachite masewera, ndachedwa!"

"Wakwiya? Anthuni, mwamva? Mtukuloro wakwiyira msuweni wake!"

"Aaa, Alhaji, zimenezo ayi!" anatero mlimi wina wachikulire. "Musiyeni atenge, ndi mwambo."

Alhaji anagwira njakata. Kuletsa kunali kudziulula, kulola kunalinso chimodzimodzi. Anangoima chiimire pamene Latyr ankatsegula kumbuyo kwa galimoto. Munali chikwama, mkeka wopempherera, thumba la mango. Ndipo kuseri kwa zonsezo, itafunditsidwa chinsalu chonyowa, munali ndowa yaikulu yachivundikiro, m'mbali mwake muli mizere yoyera ya mchere.

M'kati mwake china chake chinagunda kamodzi.

* * *

Gnilane anafika ndi liwiro la mtondo wadooka, Pulofesa Mbengue ali pambuyo, akukoka mkanjo wawo wa Lachisanu. Mtsikanayo anakankha Latyr ngati sakuona yunifolomu, n'kuvundukula ndowayo. Anaviika chala m'madzi, n'kulawa.

"Mayo ine! A pampopi!"

Nsomba zingapo zinali zitayandama chagada. Zina zinali pansi, zitapendekeka, zikutsegula kukamwa mwapatalipatali.

"Ndinawasintha madziwo," anatero Alhaji ndi mawu otsika. "Ndinalawa aja a m'thanki, anandiwotcha lilime. Ndinati zikuzunzika, ndizipatse madzi abwino zipume."

"Abwino kwa inu!"

Pulofesa anaima kakasi, akuyang'ana ndowa, akuyang'ana Alhaji. "Inu? Si inu munabwera muofesi mwanga kudzandiuza kuti mwana uyu akugulitsa mbewu?"

Alhaji anangoti zyoli. Atayankhula, sanayankhule ndi Pulofesa kapena ndi wapolisi, koma ndi mchenga wa pamapazi awo. Anati mchere walowa m'maiwe awo onse, chaka chino nsomba zinayandama m'mawa umodzi ngati masamba. Anati ana awo aamuna awiri ayamba kufunsa za mabwato ozembetsa anthu kupita ku Spain. Atamva Lolemba kuti kuli waasi wosaopa mchere, tulo sanationenso. Ankaganiza kuti akakweretsa zazikazizi ndi zamphongo zawo zikuluzikulu, maiwe adzadzukanso, anawo n'kukhala.

Latyr anamva chisoni, ndipo zinamukwiyitsa kuti wamva chisoni. Munthu yemweyu anali wokonzeka kusiya mwana wa eni ake akuthamangitsidwa sukulu ngati mbava.

Gnilane anavuula nsomba imodzi mwa zoyandamazo, yaikulupo pa zonse, yothothoka mamba pamchira. Anaiyang'ana, misozi imene anaibisa masana onse n'kuyamba kutsika. Kenako anatenga dzanja lamabala la Alhaji, n'kuika nsombayo pachikhatho.

"Iyi ndinakaigwira ndekha ku Kaolack, matope akundifika m'chiuno. Zonsezi ndi ana ake ndi zidzukulu zake. Mumaganiza kuti ndikuziwetera ndani, bambo? Si maiwe anu omwewo?"

Koma Gnilane analibe nthawi yodikira yankho. Anapukuta maso ndi phewa, n'kuyamba kulamula ngati mkulu wa asilikali.

"Ndowa iyi kumthunzi, msanga! Inu, thamangani mukatunge madzi a m'thanki. Inu, kapu! A Sajeni, gwirani uku!"

Bwalo lonse linasokonezeka. Alimi akuluakulu, eni maiwe ndi magalimoto, anali kuthamanga ndi mabeseni. Dalaivala anapereka matambula a tiyi kuti akhale miyeso. Mayi Codou anatulukira ndi chipande, akufunsa amene wamwalira. Wina anafuna kukhuthulira beseni lonse la madzi amchere m'ndowamo, Gnilane anamugwira mkono.

"Ayi! Mukatero mwazimaliza. Pang'onopang'ono, tambula imodzi, kudikira, inanso."

Pulofesa Mbengue anasendera pafupi. Mayi amene ophunzira ankathawa akamva nsapato zawo anaima kumbuyo kwa mtsikanayo ngati mwana wolakwa.

"Gnilane, mwana wanga. Ndakunyoza pamaso pa anthu, ndiye ndikupepesanso pamaso pa anthu. Ndinakhulupirira mkanjo, osakhulupirira iwe. Ndikhululukire."

Gnilane sanadzutse mutu. "Mayi, gwadani apa. Tengani tambula iyi. Ndikati thirani, muzithira m'mbali, osati pamutu pa nsomba."

Pulofesa anagwada m'matope amcherewo, mkanjo wa Lachisanu ndi ulusi wake wonse, n'kulandira tambula ija ndi manja awiri.

"Thirani."

Anathira. Anadikira. Anathiranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma Latyr kudekha kunali kutamuthera. Anazindikira kuti wagwira mpweya ngati ndiye ali m'madzimo. Anthu onse anali ataunjikana, mitu pamodzi, moti Gnilane anachita kuwakalipira kuti akutchinga mphepo.

Kenako nsomba imodzi yapansi inagwedeza mchira. Inapendekeka, inadziwongola, inapendekekanso, n'kuima bwinobwino. Inazungulira ndowa kamodzi.

"Yadzuka!" anakuwa dalaivala. "Wallahi yadzuka!"

Inatsatira yachiwiri, kenako zina ziwiri pamodzi. Mayi Codou analuluta, chipande chili m'mwamba, ngakhale sankadziwabe bwinobwino chimene chikuchitika. Latyr anapezeka akukumbatira mlimi wachikulire uja, munthu amene sankamudziwa n'dzina lomwe.

"Zikwana?" anafunsa Pulofesa, akadali chogwada.

Gnilane anayang'ana zamoyozo nthawi yaitali, milomo ikuyenda. "Zikwana, mayi. Movutikira, koma zikwana."

Latyr anakonza chipewa chake n'kupita pamene panali Alhaji. Mkuluyo anali asanasunthe, nsomba yakufa ija ikadali pachikhatho, osadziwa poiika. Masewera a chisuweni anali atatha, ndipo onse awiri ankadziwa.

"Alhaji Wane, tiyeni kupolisi."

"Ndinyamule iyi?" anafunsa mkuluyo.

"Nyamulani," anayankha Gnilane ali pandowa paja, osacheuka. "Akakufunsani chimene munaba, mukawaonetse. Mayi, thiraninso."